MABULEKI A NGOLO YOKOKEDWA NDI VANETI

Caka ndi caka, cimanga cikauma ndi kulowa m'matumba, mseu waukuru wopyola m'tauni ya Kafue udzala ndi magalimoto onyamula zokolola. Ena alunjika ku Lusaka, ulendo wosafika makilomita 50, kukagulitsa ku msika wa Soweto. Ena aoloka mlatho wa pa mtsinje wa Kafue napita kum'mwera. Mvula ikayandikira katundu asintha, ndipo matumba a mbeu ndi feteleza ndiwo acoka m'tauni kunka ku minda. Feteleza si wacilendo ku Kafue, pakuti fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito yace pomwepo m'caka ca 1970.

Mlimi amene ali ndi vaneti, pofuna kucepetsa maulendo ndi ndalama za mafuta, akoleka ngolo pambuyo pace, imene ambiri aicha thirela. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndithu. Koma ngolo zambiri zopangidwa ndi amisiri oocherera zitsulo zimangidwa pa ekiselo ya galimoto yakufa, ndipo zilibe mabuleki konse. Zina zocokera kunja kwa dziko zifika ndi mabuleki a magetsi abwino, koma mwini wace angolumikiza nyali zokha, mabulekiwo nakhala cigonere osagwira ngakhale tsiku limodzi.

Munthu akaoloka mlatho ndi kufika pa mphambano ya Turnpike, njira zonse ziwiri zimpereka m'mapiri. Ya ku Mazabuka ikwera ndi kutsika mapiri a Munali, kumene David Livingstone anaima naona mtsinje wa Kafue m'caka ca 1855. Ya ku Chirundu ndi Siavonga itsetsereka kulowa m'cigwa ca Zambezi, ndipo kucokera ku Kafue kufika ku Chirundu munthu atsika mamita oposa 500. Pa njira imeneyi pali malo ochedwa Kapiringozi, ndipo dzinalo lokha likwanira kumcenjeza munthu.

KULEMERA KWA KATUNDU

M'mabuku a mavaneti ambiri, monga Toyota Hilux, Isuzu ndi Ford Ranger, opanga ace analemba kuti ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750, ndipo malamulo a maiko ambiri atsata malire omwewo. Ena pomva nambala iyi ati ndiwo matumba 15 a makilogalamu 50. Alakwa, pakuti kulemera kwa ngolo yeniyeniyo kuli m'kati momwemo. Ngolo ya citsulo yolemera makilogalamu 300 isiyira katundu 450 cabe, ndiwo matumba 9. Ng'ombe yamphongo imodzi yonenepa itha kumaliza malirewo yokha, ndipo migolo iwiri ya madzi ya malita 210 iyandikira pomwepo.

Tsono mlimi akasanja matumba 30 pa ngolo ya makilogalamu 400, pambuyo pace pali makilogalamu 1,900, pafupi kulingana ndi vaneti yeniyeniyo. Mabuleki amene anapangidwira galimoto imodzi ali kuimitsa ziwiri. Potsika phiri atentha, ndipo akatentha afooka. Woyendetsa aponda koma galimoto siimva. Pamenepo ngolo ikankha kumbuyo kwa vaneti, ndipo pokhota zonse ziwiri zipingasa mseu kapena kugwera m'phompho. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti galimoto iime uwirikiza kanai. Za kulembetsa ngolo ndi cilolezo coyenera woyendetsa, mlimi afunse ku Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002.

AYAMBE WASUZUMIRA KUSERI KWA GUDUMU

Asanagule kanthu, mlimi agwade nayang'ane kuseri kwa gudumu la ngolo yace. Akaona ndodo kapena zingwe za citsulo zocokera ku mkono wa ngolo kulowa m'gudumu, mabuleki ace ndi a mtundu wokankha. Galimoto ikacepetsa liwiro, ngolo ikankha citsulo cotsetsereka ca pa mkono, ndipo citsuloco cikoka zingwe zija. Mtundu umenewu ndiwo wofala m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa ndi ku Ulaya. Sufuna magetsi, ungofuna girisi ndi kukunga zingwe, ndipo mwini wace akagula kabokosi kolamulira mabuleki wataya ndalama pacabe.

Koma akaona mawaya awiri a magetsi olowa kuseri kwa gudumu lirilonse, mabuleki ace ndi a magetsi, mtundu wofala ku America ndi ku Australia. Amenewa sagwira okha popanda kabokosi ka m'galimoto, kamene amisiri akacha kontorola. Ngolo yopanda mabuleki konse itha kusinthidwa ekiselo ndi kuikidwa ya mabuleki a magetsi, malinga ikhale yolingana ndi katundu amene idzasenza.

Kagwiridwe kace ndi kotere. M'kati mwa dilamu ya gudumu muli maginito wa magetsi womangidwa pa kamkono ka citsulo. Magetsi akalowa, maginitoyo amamatira ku khoma la dilamu limene liri kuzungulira, ndipo khomalo limkoka. Pokokedwa, asuntha kamkono kaja, kamene katambasula zitsulo ziwiri zopindika, zimene amakanika azicha mashuzi, kuti zikhule dilamu. Magetsi akacuruka maginito agwira kolimba, akacepa agwira pang'ono. Nchito ya kontorola ndiyo kuyesa magetsi amenewo. Maginito mmodzi adya pafupifupi maampu 3. Ngolo ya ekiselo imodzi ifuna maampu 6, ya maekiselo awiri maampu 12. Nambala zimenezi ndizo zilamulira kukhuthala kwa waya.

Makontorola alipo a mitundu iwiri. Ochipa angoyamba kutumiza magetsi munthu akaponda buleki, naonjezera pang'ono pang'ono kufikira muyeso umene mwini anaika, kaya waponda mofatsa kaya mwadzidzidzi. Okwera mtengo ali ndi kacida m'kati komva mmene galimoto iri kuimira, ndipo apatsa ngolo mphamvu yolingana. Kwa munthu wotsika mapiri a ku Chirundu mtundu waciwiriwu ndiwo woyenera, cifukwa woyambawo ukhuza mashuzi mopitirira pamene woyendetsa angogwira buleki pang'ono nthawi yaitali. Wogula afunsenso za mavolti. Mavaneti ayendera mavolti 12, koma malole aang'ono a dizilo monga Canter, ambiri a iwo ali ndi mabatire awiri opereka mavolti 24, ndipo kontorola ya 12 ipsya pomwepo.

MAWAYA ANAI

Kuseri kwa kontorola kuturuka mawaya anai. Pa makontorola ambiri mitundu yace ndi iyi: wakuda, woyera, wofiira ndi wabuluu. Komabe pepala lofika ndi kabokosiko liwerengedwe, pakuti ndilo liri ndi mau otsiriza. Nchito isanayambe, waya wa ku mutu wa batire wa cizindikiro ca − amasulidwe. Kabokosi kamangidwe kolimba pansi pa dashibodi, pamene dzanja lifika msanga koma bondo silikagunda, ndipo kayang'ane njira imene pepala lace linena. Kontorola yolendewera pa waya kapena yoponyedwa pa mpando siyesa bwino.

Waya wakuda ndiye wa mphamvu, ndipo apita ku mutu wa batire wa +. Apa ndipo ambiri apunthwa. Munthu wozolowera zingwe zoutsira galimoto adziwa kuti cakuda cipita ku −, ndipo dzanja lace limtsogolera komweko asanaganize. Pa kontorola si tero ai. Wosinthanitsa wakuda ndi woyera aononga kabokosi nthawi yomweyo, kasanagwire nchito ngakhale kamodzi. Waya ameneyu acokere ku batire kwenikweni, osati kubedwa pa waya wa wailesi kapena pa soketi yochajira lamya, pakuti timawaya timeneto ndi tating'ono ndipo titentha. Akhale wa mkuwa wa 4 mm², ndipo pa ngolo yaitali ya maekiselo awiri wa 6 mm² aposa. Pogula, mlimi ayang'ane mkuwa wa m'kati. Waya wina aoneka wonenepa cifukwa ca pulasitiki cabe.

Pafupi ndi batire, pa waya wakudayo, paikidwe kacida kochedwa circuit breaker, ka maampu 20 pa ngolo ya ekiselo imodzi kapena awiri, ka maampu 30 pa ya atatu. Ena aika fyuzi cifukwa ipezeka m'sitolo iriyonse. Koma fyuzi ikapsya yapsya, ndipo ngolo itsala yopanda mabuleki pakati pa citunda woyendetsa osadziwa. Kacida kaja kadula magetsi waya akatentha, ndipo kakazizira kawabwezera kokha.

Waya woyera ndiye wa ethi, njira yobwererapo magetsi. Apite ku mutu wa batire wa − ndithu. Kummanga pa kabauti ka pansi pa dashibodi kupeputsa nchito tsiku limenelo, koma penti ndi dzimbiri zichinga magetsi, ndipo kontorola iyamba kucita zosadziwika: lero igwira, mawa ikana.

Waya wofiira ndiye auza kabokosi kuti woyendetsa waponda buleki. Pamwamba pa copondera pali swici yoyatsa nyali zofiira za kumbuyo. Waya wace mmodzi ali ndi magetsi nthawi zonse. Mnzace alandira magetsi pokhapo munthu akaponda. Wofunika ndiye waciwiriyu. Pomfuna, batire ibwezeredwe kanthawi, ndipo nyali yoyesera igunditsidwe pa waya mmodzi mmodzi, mnzace wa mmisiri akuponda ndi kuleka. Pamene nyali iyaka poponda ndi kuzima poleka, ndi pomwepo. Wolumikiza ku waya winayo adzapeza mabuleki a ngolo ogwira usana ndi usiku, maginito otentha, ndi batire yakufa m'mawa. Magalimoto atsopano ali ndi mawaya anai kapena oposa pa swici imeneyi, ndipo ena a iwo apita ku kompyuta ya injini. Pa galimoto yotere si kwabwino kuboola mawaya mongoyesa. Nchitoyo apatsidwe mmisiri wa magetsi a galimoto amene ali ndi cithunzi ca mawaya a mtundu umenewo. Ndalama ya mmisiri icepa poilinganiza ndi mtengo wa kompyuta.

Waya wabuluu ndiye atenga magetsi oyesedwa kupita nao ku ngolo, ndipo akhale wokhuthala monga wakuda uja. Ulendo wace ndi wautali, kucokera ku dashibodi kufika kumbuyo kwa galimoto, ndipo ngozi zace ziri m'njiramo. Pamene apyola pa bowo la citsulo paikidwe kamphira, cifukwa mphepete ya citsulo iceka waya pang'ono pang'ono galimoto ikamagwedezeka pa mseu wa miyala. Atsate casisi kumbali ya m'kati, kutali ndi paipi ya utsi ndi zitsulo zoyenda, womangidwa pafupi pafupi kuti udzu ndi zitsa za m'munda zisamkole. Polumikiza, mawaya aocheredwe ndi mtobvu kapena apanidwe ndi zopanira zace. Kupota ndi zala ndi kukulunga tepi kungafike naye munthu ku Mazabuka kamodzi kapena kawiri, koma pfumbi ndi matope a dzinja zilowa m'mfundo yotere.

SOKETI YA KUMBUYO

Magalimoto ambiri kuno ali ndi soketi yobulungira ya mapini 7, ndipo mapiniwo ali ndi nambala. Pini 1, waya wacikasu, ndi nyali yolozera kumanzere. 4, wobiriwira, yolozera kumanja. 3, woyera, ndi ethi. 6, wofiira, nyali za buleki. 5 ndi 7, wabulauni ndi wakuda, nyali za usiku za kumbuyo. Pini 2, wabuluu, ku Ulaya ndi wa nyali ya m'nkhungu, ndipo kuno kawiri kawiri akhala wopanda nchito; cifukwa cace amisiri ambiri apitirizapo mabuleki a magetsi.

Munthu aone kuti wakuda wa m'soketi iyi ndi wa nyali ya usiku, pamene wakuda wa pa kontorola ndi wa batire. Mtundu ndi umodzi, nchito ndi ziwiri. Ndiponso ngolo za ku Australia ziika mabuleki pa pini 5, ndipo za ku America zifika ndi pulagi ya mapangidwe ena. Wolumikiza ngolo yotere poyang'ana nambala kapena mtundu cabe angapeze kuti poyatsa nyali madzulo magudumu a ngolo agwira. Pamenepa palibe njira ina koma kuyesa pini iriyonse ndi nyali yoyesera, ku galimoto ndi ku ngolo komwe, ndi kulemba zopezekazo pa pepala losungidwa m'galimoto. Amene abwereka vaneti ya mnansi kuti akoke ngolo yace ayesenso, pakuti sadziwa amene anamanga soketi ya mwiniyo.

Nthambo wamba ya mawaya 7 yogulitsidwa m'masitolo inapangidwira nyali, ndipo wabuluu wace acepa pa maampu 12. Kuli bwino kuyendetsa waya wokhuthala wapadera kufikira ku magudumu, ndipo mapini akaoneka osalimba, kuika pulagi yaciwiri yaikuru ya mabuleki okha. Waya wa ethi naye akhale wokhuthala cimodzimodzi, pakuti magetsi onse opita ayenera kubwerera. Ngolo zambiri zidalira cibulunga ca citsulo cokolekapo ngolo kuti cikhale ethi. Nyali ziyaka ndithu, koma cibulungaco ciri ndi girisi ndi dzimbiri, ndipo cigwedezeka pa dzenje lirilonse. Zizindikiro zace ndi izi: nyali za ngolo zicita mdima poponda buleki, ndipo mabuleki agwira moduka duka ngati munthu ali kukoka ngolo ndi cingwe.

Pa gudumu, maginito ali ndi mawaya awiri ofanana, ndipo palibe kanthu uti apita ku wabuluu, uti ku ethi. Cofunika ndi cakuti maginito aliyense alandire magetsi ace kucokera ku wabuluu ndi kubwezera ku ethi payekha. Asalumikizidwe motsatana monga mikanda, pakuti akatero agawana mphamvu ndipo onse afooka. Waya asiyidwe wolekerera pang'ono pa ekiselo kuti masipuling'i akamasewera asamdule.

KUYESA NDI KUIKA MUYESO

Zonse zitalumikizidwa, ngolo inyamulidwe ndi jeke mbali imodzi, magudumu enawo atachingidwa ndi miyala. Wina azunguze gudumu ndi manja, mnzace akankhe kamkono ka pa kontorola kogwiritsa mabuleki a ngolo okha. Gudumu liyenera kuima nji, ndipo khutu likayandikira limva maginito ali kung'ung'udza. Acite cotero pa gudumu lirilonse, ndipo abwerezenso poponda copondera, makiyi atatsegulidwa. Gudumu loima lokha popanda kuzunguzidwa silionetsa kanthu, cifukwa maginito afuna dilamu yoyenda kuti imkoke.

Pambuyo pace ngolo isenzedwe katundu wace wa masiku onse, ndipo ayende nayo pa mseu wouma, wosalala, wopanda anthu. Ayambe wagwira mabuleki kangapo kuti afunde. Tsono pa liwiro la makilomita 40 pa ora akankhe kamkono kaja mpaka pothera, osaponda buleki ya galimoto. Magudumu a ngolo akakhulika pansi, mphamvu yacuruka ndipo aicepetse. Ngolo ikangomveka pang'ono, aonjezere. Muyeso wabwino uli pafupi penipeni ndi pamene magudumu ayamba kukhulika, koma osafikapo. Gudumu lokhulika siliimitsa bwino, lidya tayala mbali imodzi, ndipo litaya ngolo kumbali.

Muyeso umenewu suli wa masiku onse. Mlimi wopita ku Lusaka ndi matumba 30 abwerera ndi ngolo yopanda kanthu, ndipo mphamvu yoyenera popita ikhulitsa matayala pobwera. Acepetse pocoka ku msika, ndipo, cimene ambiri aiwala, aonjezerenso tsiku limene asenza. Pa mseu wonyowa kapena wa mcenga acepetsenso pang'ono. Mashuzi atsopano akungidwe atayenda pafupifupi makilomita 300, ndipo pambuyo pace pa makilomita 5,000 alionse. Kontorola singathe kukonza mashuzi otalikira dilamu.

PA ULENDO

Ngolo ya mabuleki a magetsi iyenera kukhala ndi kabatire kace ndi swici ya pa mkono, imene iri ndi kapini komangidwa ku galimoto ndi kacingwe ka citsulo. Ngolo ikaduka, kacingwe kazula pini, ndipo kabatire kagwiritsa mabuleki onse. Kacingweko kamangidwe ku casisi ya galimoto, osati pa cibulunga comwe cingathyoke pamodzi ndi ngolo, ndipo kabatire kayesedwe usiku wotsatana ndi ulendo, pakuti ngolo yokhala pansi pa mtengo dzinja lonse ipezeka ndi batire yakufa.

Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ndi patsogolo pace pang'ono, kuti pafupifupi limodzi la magawo khumi a kulemera konse litsamire pa cibulunga. Ngolo yolemera kumbuyo ipukusa mcira pa liwiro. Ikayamba kutero, woyendetsa acotse phazi pa mafuta, agwire ciongolero molunjika, nakankhe kamkono ka pa kontorola. Ngolo ikadzikoka yokha kumbuyo iongoka. Kuponda buleki ya galimoto mwamphamvu pa nthawi yotere kuonjeza bvuto. Potsika Munali kapena Kapiringozi alowe giya yaing'ono asanayambe kutsetsereka, yomweyo imene akanakwera nayo, kuti injini ithandize kugwira.

Asodzi a ku Chanyanya ndi ena otsitsa mabwato mu mtsinje adziwe kuti mabuleki a magetsi sayanjana ndi madzi. Ngolo yomizidwa kawiri kawiri icita dzimbiri m'dilamu ndi m'mfundo za mawaya, ndipo kwa iwo mtundu wina wa mabuleki ndiwo woyenera. Mlimi amene waoloka dambo lodzala madzi agwire mabuleki mofatsa kangapo kuti aume.

Wopita kum'mwera ndi katundu aime pambali pa mseu asanafike pa Turnpike, atagwira kale mabuleki kangapo pocoka m'tauni, ndipo ayandikize dzanja ku dilamu iriyonse, osaikhudza msanga cifukwa iocha. Onse ayenera kufunda molingana. Ikapezeka imodzi yozizira pamene inzace iri yotentha, waya wa gudumu limenelo waduka kapena mashuzi ace atalikira, ndipo kuli bwino kubwerera ku Kafue, kumene kuli amisiri ndi masitolo a zitsulo, mapiri asanayambe.